Dandaulo kwa achemwali anga pa nkhani ya chigayo

Ine make Chisomo ndi Tadala, wokhala ku Ligowe, ndikupereka dandaulo langa poyera kwa inu achemwali Lusiya, amene munatisiya chaka chatha mwezi ngati uno osatsanzika. Mlandu wake ndi wakuti lero masana ndaima kuchigayo ola lathunthu, khanda kumbuyo, ndilibe ndi chitini cha chimanga chomwe. Wachigayo wachita kundifunsa kuti, “Mayi, kodi kunyumba kuli bwino?” Manyazi amenewa munayambitsa ndinu. Chisomo ali ndi miyezi iwiri, ndinamata pakhoma ndandanda ya pa foni: kuyamwa pakatha maola atatu, kugona 1 koloko. Mwana ankalira, ine maso pa wotchi. Inu mutafika kuchokera ku Matandani munaiwerenga mpaka pansi, kenaka munati, “Iwe, digiri yakoyo mwanayu anaiona? Tamuyamwitsa apa!” Atakhuta munamubereka n'kupita naye kuchigayo, iye n'kugona phokoso lili pakati. Ndinakwiya sabata yonse chifukwa zinatheka.

Tsopano kwabwera Tadala, amene simunamuone. Masana sagona, ndipo chigayo chanucho wangochiyang'ana maso ali gwa. Pobwerera ndinatulutsa foni kuti ndikukalipireni, ndinakumbukira nditafika kale pa dzina lanu. Choncho ndikufuna chipukutamisozi, ndipo sindinyengerera. Mupemphe tchuthi kumwambako, Loweruka masana okha basi, mudzamubereke mwanayu ine ndigoneko. Mubwerenso ndi nsana wanu womwe uja, wangawu akuukana.