Mlandu wa Kuonda Kwanga

Bambo a kunyumba atatisiya, mwana wanga Limbani anandiitana ku South Bend, ku Amereka. Sindinayankhe msanga. Ndinayamba ndakagwada kwa alamu anga, a Mbewe, pakuti mkazi wamasiye sachoka pakhomo ngati nkhuku. Iwo anavomera, nati, “Pitani, mlamu, mukanenepe.”

Lamulo limenelo ndinalisunga mokhulupirika. Titasamukira ku Indianapolis ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Beech Grove, ndipo kusungulumwa kwa miyezi yachisanu ndinkalimbana nako ndi mano. Nkhuku kumeneko sisowa. Kumudzi ndinkatumiza ndalama pamodzi ndi zithunzi, koma mauthenga obwerera ankayamika kwambiri zithunzizo: “Amereka wakuyanjani!” Dokotala yekha ndiye sanayamike. Anati shuga wakwera, magazi akuthamanga.

Kuntchito kunali Latifa, mayi wa ku Morocco. Atabwerako ku tchuthi ndinamulonjera mwaulemu wonse wa kwathu, m'Chingerezi cha kusukulu, kuti wanenepa bwino. Anakhala masiku atatu osandilankhula. Tsiku lachinayi anaika mbale patsogolo panga, nati, “Mlongo wanga, wanena zoona. Koma nawenso udziyang'ane.”

Anandiuza kuti kwawonso akuluakulu ayamba kusiya zakudya za amayi awo, kuthamangira zokazinga ndi zotsekemera, ndipo iye waganiza zobwerera ku zakudya zakalezo. M'mbalemo munali mphodza, maungu, kabichi, mafuta a olivi, ndi kusikusi, timibulu ta tirigu tonga mapira, timene kwawo amadya Lachisanu. Ndinayang'anitsitsa, ndi kunena kuti, “Izi kwathu timadya ndalama zikatha.”

Tadala, mkazi wa Limbani, anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Ankachoka kuntchito atatopa, koma n'kuzungulira m'masitolo kundifunira mgaiwa, nyemba ndi masamba. Ankati, “Amayi, sikuti mukudayeta ayi, mukuchira.” Patapita zaka zitatu mankhwala anachepa, zovala zinayamba kundikhuthukira.

Tsiku limene ndinafika kwathu ku Dedza, a Mbewe atandiona anavula chipewa ngati pamaliro. Achemwali anga anandigwira mkono, naupima ndi zala. Lamlungu lotsatira ndinapeza mipando yayalidwa pabwalo, ankhoswe a Limbani atakhala kale. Mlandu unali wakuti Tadala anandimana chakudya, ndipo ukwati wake uyenera kuonedwanso.

Ndinafotokoza modekha za dokotala, za shuga ndi za mgaiwa.

“Munthu akwere ndege kukadya mgaiwa?” anatero a Mbewe. “Mlamu, musamubise mwana ameneyo.”

“Mwina amatsekera nyama m'kabati,” anawonjezera achemwali.

Pamene ankalankhula, patebulo panali tchipisi, nkhuku yokazinga ndi mabotolo a zotsekemera zimene anandikonzera monga mankhwala. Kuseri kwa nyumba, bonongwe ankathyolera nkhumba. Ndinaona kuti ndikalimbikira choonadi chokha, mwana wa eni wosalakwa ataya banja lake. Tsono ndinatsokomola, ndi kunena kuti amene anayambitsa zonsezi ndi mayi wina wa ku Morocco.

Nkhope zonse zinamasuka nthawi yomweyo.

“Ameneyo ndiye mwini mlandu!” anatero mmodzi wa ankhoswe. “Kwawo n'chakuti?”

“Kumpoto,” ndinayankha.

“Kupitirira Karonga?”

“Kupitirira ndithu.”

Anakambirana pang'ono, napeza kuti kumeneko alibe wachibale woti angamutume. Bwalo linamuyeretsa Tadala, ndipo a Mbewe anandiuza kuti ndikamupatse moni.

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti kwathu munthu saonda yekha. Pamayenera kupezeka womuondetsa. Ndinamuimbira Latifa kumudziwitsa kuti bwalo la ku Dedza lamupeza wolakwa, ndipo mwina adzalipitsidwa mbuzi. Anaseka mpaka kutsamwa, nati, “Uwauze kuti mbuzi ndilibe. Ndilipira mphodza, koma adye ndikuona.”