Msoko Ukhale Kunja

Ndinataya mkazi. Ndinataya mawu ake oyitana nkhuku madzulo, ndi munda wa kachewere umene unali wa kwawo. Ndinataya manja okhawo amene mwana wathu ankalola kuti amugwire. Mwanayo sindidziwa ngati ndimuwerengere pamenepa.

Ndi wamwamuna, wa zaka zisanu. Chibadwire, thupi lake limamva zinthu mopyola muyeso. Chigayo chikalira amatseka makutu n'kudzigwetsa pansi. Phala likakhala ndi mibulu salimeza. Munthu akamusisita pamutu mwachikondi amakuwa ngati wamuwotcha, ndipo msoko wa malaya ukamukhudza pakhosi amadzikanda mpaka magazi. Anthu ankati amayi ake akumulekerera.

Mkazi wanga ndiye ankakwera naye shapa, minibasi zakwathu kuno, kupita ku Tete, kwa mayi wina wa kuchipatala amene timati aterapeuta. Ine ndine pulofesolo, mphunzitsi wa kusukulu, sindikanasiya ana asukulu okha. Akabwerako ankandifotokozera zimene wamva: kuti mwanayu si wamwano, khungu ndi makutu ake ndizo zimakuza zinthu, kuti tizimuuza kaye tisanamukhudze, ndipo pomugwira tizigwira zolimba. Ankamuseweretsa manja m'lichero la nyemba. Akayamba kukuwa ankamukulunga m'chitenje n'kumufinyira pachifuwa mpaka atakhala bata. Tsitsi ankalidula pang'onopang'ono, lero mbali iyi, tsiku lina inayo. Zinkathandiza. Chaka chathachi mwanayo anayamba kulowa m'tchalitchi, ngakhale ankathera pakhomo.

Mkazi wanga anadwala nyengo yokumba kachewere, ndipo sanagone nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo ku Domwe.

Tsiku lometa maliro, mng'ono wa malemu ndiye anasambitsa mwanayo. Nditamuona akukoka kolala ndinadziwa kuti amuveka malaya molunjika. Ndinapempha kuti ndiwatembenuze.

"Alamu, anthu onsewa, mwana avale ngati alibe abale?" anatero.

Malayawo ndinawasiya momwemo. Kenaka lumo linafika pa mwanayo. Ndinapita kwa mlongo wake wamkulu wa malemu, mwinimbumba, kukapempha kuti amudule pang'ono chabe pachipumi. Sanandiyankhe mwaukali. Anati aliyense wameta, ndiye mwana wobadwa m'mimba mwa malemuyo atsale bwanji. Anati ndimugwire ndine, popeza ndine bambo ake.

Ndinamugwira mmene ndinkaonera amayi ake akuchitira. Koma kuona n'kwina. Sindinadziwe kuti zolimba zake zimafika pati. Ndikafinya ndinkaopa kumuthyola nthiti, ndikamasula ankapulumuka. Anandiluma padzanja, anadzimenyetsa mutu pansi, lumo linamucheka pakhutu. Anamusiya atameteka mbali imodzi. Onse anaona kuti m'manja mwanga sanatonthole.

Pondisudzula ananena kuti mwana atsala ndi mbumba yake, aleredwe ndi amayi ake aang'ono. Ndinayesa kufotokoza za ku Tete. Mawu amene ndinali nawo anali a Chipwitikizi, ndipo nditawatembenuzira m'Chinyanja anamveka ngati ndikungonena kuti mwana sakonda kumetedwa. Alamu anga, mwinimbumba uja, anandifunsa kuti ndikakhala kuntchito adzatsala ndi yani, nanga ku Teteko adzapita naye ndani. Ndinachokako ndekha. Mpaka lero ndilibe womusiyira.

Ndimapitako Loweruka. Amamukonda, sindingawanamizire. Amamudyetsa, amamusambitsa, amamusisita pamutu. Koma nyumba yawo ili pafupi ndi chigayo, ndipo kawirikawiri ndimamupeza kuseri kwa nkhokwe, zala zili m'makutu, khosi lili ndi zilonda. Ndimamuuza kaye kuti ndikumugwira. Ndimamuvula malaya, kuwatembenuza, n'kumuveka. Amapuma mozama, nthawi zina amatsamira phewa langa. Ndikadzabweranso ndimapeza atawabweza.

Aterapeuta anaimba foni kufunsa kuti mwana abwera liti, poti akaleka nthawi yaitali zimene anazolowera zimabwerera m'mbuyo. Ndinati ndiwadziwitsa.

Tsiku limene tinanyamula mkazi wanga kupita naye kuchipatala, mwanayo anali pakhonde, manja ali m'lichero la nyemba. Tikumukweza m'galimoto, mkazi wangayo anayang'ana mwanayo, kenaka anandikoka mkono. Ndinawerama poganiza kuti anena za ululu. Njira yonse sanayankhulenso.

Zimene ananena nditawerama paja ndi izi: "Abambo ake, mukamusambitsa, malayawo muwatembenuze. Msoko ukhale kunja."