Chisa cha Ulusi Kuseri kwa Msoko

Apongozi anga ndinayamba kuwadziwa ndisanamudziwe mwana wawo. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo ntchito imeneyi siyenda popanda telala. Diresi ikabwera yaikulu m'chiuno, thalauza ikabwera yofa zipi, umathamangira nazo kwa wosoka. Wosoka wanga anali mayi wamfupi, wosakonda kuseka zopanda pake, wokhala pakhonde la sitolo ya misomali ndi penti. Msewu wonse unkawatcha Amayi a Zipi. Mwamunayo ndinangomupezerapo ngati basera, tsiku lina atawabweretsera mpando.

Makina awo ndi akale, achitsulo chokhachokha, akuda, opalasa ndi mapazi. Maluwa agolide amene anali pambali anafufutika kalekale ndi zikhatho. Anawagula kwa telala wina wokalamba chaka chimene amuna awo anamwalira, ndipo ana onse anakulira pa makina amenewa: yunifolomu, nsapato, mayeso, mpaka ukwati wathu. Anthu amati makinawo ndi okalamba kuposa amuna anga. Ine ndimawonjezera kuti ndi omveranso kuposa iwo.

Chovala chilichonse amayamba kuchitembenuza. Kaya n'chokongola bwanji, iwo amafuna kuona kuseri. Anandiphunzitsa kuti msoko ndi ulusi uwiri, wapamwamba wochokera kusingano ndi wapansi wochokera m'bobini, kachitsulo kokulungako ulusi kamene kamakhala kunsi kwa singano, ndipo uyenera kukumana pakati penipeni pa nsalu, popanda wina kukoka mnzake. Ukaona ulusi wapiringizana pansi, ankatero, usathamangire kumasula bobini.

"Wolira ali pansi, apongozi, koma wolakwa ali pamwamba."

Ndiye taganizani mmene zinalili makina a munthu wotereyu atayamba kumanga zisa. Pamwamba msoko wowongoka bwinobwino, koma ukatembenuza, ulusi uli mbwee, wopotana ngati chisa cha mpheta. Chopweteka n'chakuti sizinkachitika tsiku lililonse. Lero asoka bwino mpaka madzulo, mawa chisa. Anasintha singano. Anachotsa fumbi la nsalu pansi pa mano okoka nsalu. Anathira mafuta paliponse pali kabowo, anakhwimitsa lamba, anazunguza kanati kokhwimitsira ulusi mpaka zala kupweteka. Zisa osatha.

Zinafika poipa pamene namwino wina anabweza yunifolomu yake. Inasomoka m'khwapa ali pantchito, ndipo anafotokoza nkhaniyo mokweza, pakhonde pali anthu. Apongozi anangolandira chovalacho ndi manja awiri, n'kuchitembenuza. Ine manyazi anandigwira ngati ndasoka ndine.

Amuna anga atamva anaitana makaniko. Mnyamata wake waulemu ndithu, wodziwa ntchito. Anamasula, anapukuta, anabwezera, n'kulowetsa ulusi yekha. Atapalasa, msoko unatuluka wosalala mbali zonse. Analowetsanso ulusi wina, chimodzimodzi.

"Amayi, makinawa alibe vuto," anatero, akuyang'ana pansi. "Atha kundiika ine m'manda."

Bola akananena kuti makina atha. Mawu amenewo amuna anga anawamva momwe ankafunira kuwamvera: ngati makina ali bwino, watha ndi mwini wake. Sikuti ndi munthu woipa, ayi. Amawakonda amayi ake, koma chikondi chake n'chofuna kumukhazika munthu pamkeka. Anawauza kuti mwezi ukatha apume, azikhala kunyumba, malo a pakhondewo awasiyire mnyamata wokonza mafoni amene mwini sitolo ankamunena.

"Amayi, mwagwira ntchito mokwanira. Anthu aziti ife ana anu tikukuzunzani."

"Ndamva," anatero apongozi.

Ine ndinapsa mtima. Ndinkadziwa kuti mayi amenewa ukawachotsa pakhonde paja wawachotsa pakati pa anthu. Kunyumba akanakhala akuyang'ana chipata, kudikira kuti wina abwere ndi zipi.

M'mawa mwake sindinayale kaunjika. Ndinapita kukakhala pabenchi la makasitomala, ndipo iwo sanandifunse chimene ndabwerera. Anatenga chigamba, pamwamba anaika ulusi wofiira, m'bobini woyera, kuti wolakwa adziulule yekha. Anapalasa pang'ono n'kutembenuza. Chisa chonse chinali chofiira.

"Wapamwamba," anatero. "Zimenezo ndikuzidziwa. Koma walekereredwa ndi ndani?"

Kutsogolo kwa makinawo kuli timbale tiwiri timene timapana ulusi wapamwamba kuti usamangoyenda mwaufulu. Anagwira ulusiwo pafupi ndi singano n'kukoka. Unangobwera wofewa, osakana ngakhale pang'ono. Anauchotsa wonse.

"Apongozi, tandiyang'anani manjawa. Ndiyambirenso, inu muziona."

Anatulutsa kansalu koyera m'thumba la epuloni, anakaika pansi pa singano, n'kutsitsa kaphazi kopanikizira nsalu kuti kagwire. Kenaka anayamba kuyendetsa ulusi kuchokera pamwamba, kudutsa patimbale, kutsika nawo mpaka kusingano. Apa anawerama kwambiri, mphuno pafupifupi kugunda chitsulo.

"Amayi," ndinafunsa, "kansalu koyerako n'kachiyani? Kale simunkaika."

Manja awo anaima. Kenaka anakweza kaphazi pang'onopang'ono, akuyang'ana timbale tija. Tinatseguka. Anatsitsanso, tinatsekeka.

"Ha! Ine amene," anatero.

Anandifotokozera osandiyang'ana. Bowo la singano linali litayamba kuwasowa. Pofuna kuti lizioneka, anayamba kuika kansalu koyera kumbuyo kwake, n'kumakapanikiza ndi kaphazi. Koma kaphazi kakatsika, timbale timatsekeka. Ulusi umene ankaulowetsa unkangokwera pamwamba pa timbale osalowa pakati. Tsiku lamwayi unkagweramo wokha akamaika nsalu, tsiku lina ayi. Makaniko uja ali ndi maso a mwana, sanafune kansalu, n'chifukwa chake kwa iye makina anamvera.

Anakweza kaphazi, analowetsa ulusi pakati pa timbale mpaka unamveka kuti wakhala, ndipo pamenepo m'pamene anaika kansalu kawo n'kutunga singano. Msoko unatuluka wofiira pamwamba, woyera pansi, wopanda ndi kadontho komwe ka mnzake. Anachotsa ulusi n'kuyambiranso, kenaka kachitatu. Zisa zinatha.

Ine ndinadumpha ngati mwana. Koma nzeru zanga za pamsika zinabwera msanga.

"Amayi, bambo a kunyumba tikangowauza kuti munali fumbi m'timbalemo. Za maso tisatchule. Akamva zimenezo ndiye apezerapo pogwira."

Anandiyang'ana momwe amayang'anira chovala chosokedwa mothamanga.

"Apongozi, mwanayo ndinabereka ndine. Ndiyambe kumunamiza lero chifukwa cha khonde? Kamuitaneni akamaweruka."

Amuna anga anafika atanyamula chikwama cha kuntchito, nkhope itakonzekera kale kukana. Apongozi sanazungulire. Anawaonetsa kansalu koyera, anawaonetsa timbale, n'kunena okha ndi pakamwa pawo kuti maso awo sakuonanso bowo la singano.

"Mwaona, amayi? Si zimene ndimanena?"

"Unanena kuti ndatha. Ine ndikuti bowo la singano likundisowa. Tenga ichi."

Anawapatsa zigamba ziwiri zimene anazilumikiza ndi msoko umodzi.

"Koka."

Anakoka mwaulemu.

"Iwe, ukusisita mwana? Ndati koka!"

Amuna anga ndi munthu wamphamvu zake. Anaika chikwama pansi, anakulunga nsaluyo m'manja, n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Tinangomva kwee! Nsalu inang'ambika pambali, msoko uli chikhalire. Anyamata onyamula katundu pasitolopo anaombera m'manja, ine ndinaimba nthungululu osaona kuti ndili pamsewu. Sindibisa, tsiku limenelo ndinanyada ngati mayiwo anandibereka ine.

Amuna anga anakhala pabenchi, zidutswazo zili m'manja. Atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Nanga maso akadzatheratu, amayi?"

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Tsiku limenelo ndidzakuuza ndekha, monga ndakuuzira leromu. Sudzamvera kwa makasitomala."

Amuna anga anadzuka n'kulowa m'sitolo, ndipo tinawamva akuuza mwini wake kuti mnyamata wa mafoni afune khonde lina. Potuluka anangopempha chinthu chimodzi, chakuti apite nawo kuchipatala cha maso. Apongozi anavomera, koma anati masana, chifukwa m'mawa anali ndi yunifolomu ya namwino yoti aisokenso.

Tinapita tonse atatu. Tsiku lolandira magalasi anawavala mosamala, anayang'ana zala zawo, anayang'ana mpendero wa diresi yanga n'kupukusa mutu. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, n'kumuyang'anitsitsa kuyambira pachibwano mpaka pamutu. Anamugwira khutu kuti awerame.

"Iwe, imvi zonsezi unayamba liti? Ndiye umafuna kupumitsa ine?"