Ndinakumbutsa zimene amayi anaiwala dala

Ndinatsala pang'ono kudanitsa amayi anga ndi mng'ono wawo, anthu oyamwa bere limodzi, ndipo tsiku limene ndinalakwalo ndinali kuwomba m'manja kuti ntchito yanga yatheka. Inu owerenga, makamaka anzanga a zamakompyuta, ndimvereni bwino.

Nditamaliza sukulu ku Lilongwe, ine ndi anzanga awiri tinatsegula kakampani pa Mchinji Boma. Tinapanga pulogalamu yothandiza maloya kusunga makontilakiti. Umalowetsamo pepala la mgwirizano, iyo n'kusunga, ndipo tsiku lothera likayandikira imatumiza uthenga pafoni kwa mbali zonse ziwiri. Tinkaitama ponseponse kuti siiwala.

Maloya ena a ku Lilongwe, amene amaimira makampani a mathiraki odutsa paboda, anavomera kuiyesa, ndipo anatilola kuika dzina la ofesi yawo pansi pa mauthenga. Koma mapepala awo enieni anatikaniza poti ndi achinsinsi. Ine ndinkafuna pepala lenileni loyesera, choncho ndinapita kwathu kwa Mlonyeni n'kutsegula sutikesi ya malemu bambo. Bambowo ankagwira ntchito yowombola katundu paboda, ndipo ankakonda mapepala moti ngakhale wobwereka wilibala ankamusainitsa.

Mmenemo ndinapeza pepala lonena kuti amayi abwereketsa dimba lawo kwa mayi aang'ono kwa zaka khumi. Linalembedwa pamene mayi aang'onowo anabwerera kuchokera ku Chipata, amuna awo atamwalira, ali ndi ana awiri ndi kachikwama kamodzi. Zaka khumizo zinali kutha mwezi wotsatira, ndiye ndinati ndatola mwayi. Sindinapemphe munthu. Ndinalijambula pafoni n'kukalilowetsa mu pulogalamu. Pamalo pa nambala ya amayi ndinaikapo yanga, koma pamalo pa mayi aang'ono zala zinangolemba nambala yawo yeniyeni, chifukwa ndimaidziwa pamtima. Iwowo ndi omwe anandilera pamene amayi ankadwala, ndipo tinkaimbirana pafupifupi tsiku lililonse.

Lolemba m'mawa foni yanga inalira. Uthenga unati mgwirizano utha pakapita masiku makumi atatu, wobwereka akonzekere kubweza malo mmene anawapezera. Mawu aukaliwo ndinawalemba ndekha, m'Chichewa, kuti aliyense amve. Tinakondwa, tinagula mandasi. Sizinandifike m'mutu n'komwe kuti uthenga womwewo wafikanso ku dimba, uli ndi dzina la maloya pansi pake.

Mayi aang'ono ndi munthu wa phwete, amaseka mpaka nkhuku kubalalika, koma kupempha chifundo sadziwa. Sanafunse aliyense. Anangosiya kuyankha foni yanga, ine n'kumati mwina yagwira netiweki ya ku Zambia monga zimachitira kwathuko. Anasiya kudzera kwa amayi popita kutchalitchi, ndipo kumeneko ankakhala benchi ina. Patatha masabata awiri amayi anandiimbira akulira, akuti mng'ono wawo sakuwalankhula, ndiponso wayamba kudula malalanje.

Mitengo ya malalanjeyo inalipo isanu ndi umodzi. Mbande zake anafesa ndi malemu amuna awo ku Chipata, ndipo mayi aang'ono anabwera nazo m'timachubu, ataziika pamiyendo mu minibasi. Zaka zonsezi ankazithirira ngati akumwetsa ana.

Ndinakwera kabaza tsiku lomwelo. Mayi aang'ono ndinawapeza m'dimba, nkhwangwa ili m'manja, mitengo inayi ili pansi ndi zipatso zake zosapsa. Sanandipatse moni.

"Ukawauze maloya a mayi akowo kuti asavutike," anatero akundionetsa foni. "Ndinapeza thengo, ndisiya thengo."

Pafonipo ndinaona mawu anga omwe aja. Ndinagwada m'matope momwemo n'kuulula zonse, ndikulira ngati kamwana. Amayi, amene ankanditsatira m'mbuyo, anamva theka la nkhaniyo ali chiimire pampanda.

"Amake Tadala, zaka zonsezi ine ndinakufunsapo za pepala limenelo?" anafunsa amayi.

"Simunandifunsepo, achemwali. Koma ine zakazo ndimaziwerenga, ndipo chaka chino sindimagona."

Apo amayi anaulula kuti pepalalo ankadziwa bwino pomwe lili, tsiku lake ankalidziwanso, koma anasankha kulisiya liwole m'sutikesi. Anasaina pongofuna kusangalatsa bambo. Mumtima mwawo dimbalo anapereka kalekale, kungoti ankaona ngati kulitchula n'kumukumbutsa mng'ono wawo kuti ndi wobwera. Anakumbatirana pakati pa nthambi zija, analira mpaka mawu kusasa. Kenako mayi aang'ono anandikoka khutu monga ankachitira ndili wamng'ono, n'kunena kuti sukulu yonseyi ndinakaphunzira kuopseza akazi amasiye.

Lero kakampani kathu kakuyenda, ndipo maloya aja anaitenga pulogalamuyo. Tinaikonza kuti uthenga usamatuluke munthu asanauwerenge ndi kuvomereza. Koma mumtima mwanga sindinadzikhululukire mokwanira. Ndinatenga chinthu cha m'banja popanda kupempha, ndikuona ngati ndi pepala chabe, pamene linali nkhawa ya munthu ya zaka khumi.

Inu owerenga, musamayesere zida zanu pa abale anu. Musanalowetse dzina kapena nambala ya munthu m'makina, mufunseni mwini wake, ndipo muganize kuti uthengawo aulandira ali yekha, popanda inu womufotokozera. Mukapeza pepala lakale kwanu limene akuluakulu salitchula, yambani mwafunsa chifukwa chake. Mwina sanaliiwale ayi.

Mayi aang'ono sanandisungire mangawa. Amanditcha "a loya", ndipo nyengo ya malalanje amanditumizira jumbo yodzaza ku ofesi, kuchokera pa mitengo iwiri yotsala ija. Pa zitsa zinayi zija, chimodzi chokha ndi chimene chinaphukira. Ndikapita kukawaona amandikhazika pa chimodzi mwa zouma, n'kundisendera lalanje akuseka, ndipo ine ndimadya misozi ikulengeza.