Chimene Chinkadya Batire la Bambo

Ndikukumbukira dzinja limene batire la njinga yamoto ya bambo linayamba kutha moto lokha. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo tinali titangosamukira ku Champhira kuchokera kwathu ku Dedza, bambo atatumizidwa kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo. Anawapatsa njinga yofiira yoyendera m'midzi, kukaona zitsime ndi kuthandiza pa sikelo ya ana. Njingayo inali ya mtundu woti batire likafooka, ngakhale uponde kiki mpaka thukuta, siinkalira.

Masiku amenewo mlendo wolankhula Chichewa sankazoloweredwa msanga kumeneko. Koma a Shaba, alimi a fodya oyandikana nafe, anatilandira bwino. Anawadulira amayi kamunda, ndipo mwana wawo Tamara ndiye ankadzanditenga popita kusukulu, n'kumandiphunzitsa Chitumbuka m'njira. Tamara anali ndi mchimwene wake, Wezi, mnyamata wofatsa wokonda mawaya. Galimoto zake zamawaya zinali ndi nyali zoyakadi, za timababu ta tochi. Bambo akamatsuka njinga, iye ankaima chapatali, manja kumbuyo, n'kumangoyang'ana.

Lolemba lina njinga inakana kulira. Bambo anatumiza batire ku Mzimba pa lole yamatabwa yochokera ku Luwawa kuti akalitchaje. Litabwera, njinga inayenda bwino, koma itangogona Loweruka ndi Lamlungu inakananso. Azimayi a kumudzi wina anadikira sikelo pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndi ana awo kumsana. Akuluakulu a bambo kuntchito anayamba kufunsa mafunso, ndipo nthawi imeneyo kunenedwa kuti ukuwononga katundu wa boma sinali nkhani yamasewera.

Tsiku lina masana bambo anamupeza Wezi ataima pafupi ndi njinga pakhonde.

"Iwe, ndiwe ukumaba moto wa batire langa kuti uziyatsira zidole zakozi?" anatero bambo.

"Yayi, adada," anayankha Wezi. "Ine ndimangoona waka."

Ndinati ndimuikire kumbuyo, chifukwa sindinamuonepo akugwira njingayo, koma bambo anangondiyang'ana, ine n'kukhala chete. Anamugwira dzanja mpaka kuchigafa kumene a Shaba ankasoka fodya ndi anthu awo, n'kunena nkhaniyo pamaso pa onse. A Shaba, ndi manyazi, anathyola mkwapulo. Kulira kwa Wezi ndinkakumva ndili pakhomo pathu.

Kuyambira tsiku limenelo Tamara sanabwerenso kudzanditenga. Ndinkapita ndekha kusukulu, ndipo amayi ankalambalala nyumba ya a Shaba popita kukamunda kaja. Bambo anatchajitsanso batire, nayamba kulowetsa njinga m'nyumba n'kumakhoma chitseko, moti ngakhale zofunda zathu zinkanunkha petulo. Palibe mwana amene anaigwira. Koma itangokhala masiku ochepa osayenda, inakananso kulira. Bambo anakhala pampando nthawi yaitali, chipewa chili pabondo.

Batire litabweranso kuchokera ku Mzimba, anandiitana. Anatseka zenera kuti m'nyumba mude pang'ono, anachotsa chishalo cha njinga, n'kundionetsa kiyi ali m'manja mwawo.

"Maso ako ndi akuthwa kuposa anga," anatero. "Ndikakhudzitsa waya uyu pabatire, undiuze ngati waona kamoto."

Anakhudzitsa, ndipo kamoto kakang'ono kobiriwira kanathetheka.

"Kiyi ndachotsa, koma moto ukuyendabe," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti chikudya batire chili m'njinga momwemu."

Anayamba kuzula mawaya mmodzimmodzi. Anazula wa hutala, kamoto kanalipobe. Anazula wa nyali yakumbuyo, chimodzimodzi. Sanapupulume, aliyense ankamubwezera pamalo pake asanagwire wina. Pomaliza anamasula thanki. Pansi pake panali matope ofiira ouma pamwamba koma onyowa mkati, ndipo atawapala anapeza waya wochokera kubatire atanyuka chifukwa chokhulana ndi chitsulo m'misewu yathu yamabampu. Moto unkadontha pang'onopang'ono kudzera m'matopewo, usana ndi usiku. Anapukuta, anakulunga wayayo ndi mphira wa chubu, n'kukhudzitsanso. Ndinayang'anitsitsa, koma panalibe kamoto.

Ndinkayembekeza kuti asangalala. Iwo anangosamba m'manja, n'kunena kuti ndiwatsatire.

Kuchigafa kuja anavula chipewa, anakhala pansi, n'kufotokoza zonse pamaso pa anthu omwe aja. Kenako anapempha kuti Wezi aitanidwe.

"Mwana wanga, ndinakunamizira. Phepa chomene," anatero m'Chitumbuka chawo chopereweracho.

A Shaba anawomba m'manja pang'ono. "Mbwenu yamala, adada, nkhani yatha. Nanenso ndinamenya mwana ndisanafunse."

Wezi anangoti "Yewo," maso ali pansi. M'mawa mwake Tamara anabwera kudzanditenga, ndipo amayi anayambanso kulonjerana ndi amayi ake. Koma Wezi sanafikenso pakhonde pathu mpaka tinasamuka. Akamva njinga ikubwera, ankapatukira kutchire.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti nkhaniyi inatha bwino, popeza munthu wamkulu anapepesa kwa mwana, zomwe sizinkachitikachitika. Ndimawalemekezabe bambo chifukwa cha zimenezo. Koma nditakula n'kuphunzitsa ana a eni kwa zaka zambiri, ndinazindikira china. Bambo anali munthu wodekha. Ndinawaona ndi maso anga akufufuza mawaya mosatopa. Kudekha kumeneko anakupereka kwa njinga, osati kwa mnyamata uja, chifukwa anali ndi mantha ndipo Wezi ndiye anali pafupi, wosatha kudziyankhira. Choncho chinthu chikasowa m'kalasi, mtima wanga n'kuthamangira kwa mwana wina wake, ndimayamba ndadzifunsa ngati ndaonadi kanthu, kapena ndangosankha amene sangandiyankhe.