Nkhuni za Elenala

Mchemwali wanga Elenala ali ndi malo pamutu pomwe tsitsi linaleka kumera. Ndi pomwe pankakhala nkhata. Anayamba kusenza nkhuni ali kamtsikana, ndipo mpaka chaka chatha, imvi zili mbuu, ankasenzabe. Makolo athu anatumiza ine kusukulu, ndinakhala mphunzitsi. Iye anamutumiza kuthengo. Anagona kalekale makolowo, koma pa nkhani imeneyi sindinawakhululukire.

Kwathu kuno kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mitengo tinaitha tokha. Ikuluikulu tinasema mabwato, yotsala tinawambira milamba ndi kuwotchera njerwa. Lero amayi amaphikira mapesi, zitsononkho ndi mankhusu a mpunga, moto wa utsi wokhawokha. Wofuna chikuni chenicheni amalawirira kumapiri, nabwerako dzuwa litapendeka, khosi litauma.

Elenala anakwatiwa ndi Bizweki, munthu wa ku Songani amene anabwera kudzakhala chikamwini. Alamu angawa anali munthu wofatsa. Moyo wawo wonse anautha pang'anjo yowambira nsomba za anthu ena, mpaka utsi unawadya chifuwa. Atakalamba, mwezi wa Juni ukafika ndipo mphepo ikayamba kuwomba kuchokera kunyanja, mpweya wawo unkalira ngati pinto. Kuzizira kunkawatseka pakhosi. Utsi wa mapesi unkawatsekanso. Chimene chinkawasunga ndi moto wa nkhuni zouma bwino, zoyaka mwakachetechete, zosiya makala ofiira mpaka kucha.

Choncho Elenala anasandutsa nyumba yake nkhokwe ya nkhuni. Mvula ikangotha ankayamba maulendo akumapiri. Nkhuni zaziwisi ankaziika pansanja pamwamba pa mafuwa kuti ziume ndi moto, mpaka zide ndi mwaye. Zikauma ankazisanja kuchipinda pamwamba pa njerwa, atathira phulusa pansi kuopa chiswe. Zina zinali kunsi kwa bedi. Panja sankasiyapo ngakhale kamtengo kotokosera moto, chifukwa kuno nkhuni yogona panja imamera miyendo. Anthu ankamuseka. Ankati kwa Elenala nkhuni zimagona m'nyumba ngati ana.

Tili ndi mwambo kuno umene sindiutsutsa. Pakagwa maliro, adzukulu, ndiye anyamata okumba manda aja, amatenga nkhuni paliponse pomwe aziona kuti anthu aothe pasiwa ndi kuphikira olira. Amazula mpanda, amagwetsa nkhokwe yakale, mwini wake osayankhula. Pamaliro sakaniza nkhuni. Koma mwambowo umanena za zinthu zili pabwalo. Chibadwire changa sindinamvepo kuti umathyola chitseko.

Mtsogoleri wa adzukulu m'mudzi mwathu anali Limbani, mwana wa malemu mng'ono wake wa Elenala. Mayi ake atamwalira, Elenala ndiye anamulera, kumuchapira, kumuchotsa matekenya. Ine ndinamuphunzitsa mu Sitandade 5, ndipo anali mbuli yamwano ngakhale nthawi imeneyo. Atakula anapeza boti lamatabwa ndi ng'anjo yakeyake. Ng'anjo imadya nkhuni kuposa mudzi wonse, ndipo maso ake anali pa chipinda cha Elenala. Anapempha, anakanizidwa. Anati agule, anakanizidwanso.

Kenaka, kuzizira kutafika pachimake, anamwalira mkulu wina wa m'mudzi, a Wilisoni. M'mawa womwewo Elenala anamanga mtolo wabwino, nakautula yekha kusiwa. Anthu anaona. Masana ndinali pakhonde pake ndikucheza ndi alamu kudzera pazenera, pamene Limbani anatulukira ndi anzake, akukankha mawilibala, fungo la kachasu lili patsogolo.

"Amayi, tsegulani. Tabwera kudzatenga nkhuni zamaliro."

"Ndatula kale mtolo wanga," anatero Elenala, ataima pakhomo. "Kafunse amayi akuphika."

"Kamtolo kaja? Kowotchera mbewa? M'nyumbamu muli phiri lonse."

"Izo ndi za bambo ako. Ukuwamva mmene akupumira."

"Bambo anga ndani? Mkamwiniyu? Akaothe kwawo ku Songani."

Anzake anaseka. Ine ndinaimirira ndi ndodo yanga. "Limbani, ndine mtsibweni wako. Chotsa zidakwa zakozi pano."

"Atsibweni, khalani pansi. Pano si pasukulu."

Anandikankha pachifuwa, ndinagwera pamtondo, magalasi anga n'kusweka. Amene anawaponda dala ndikumudziwa, ndipo amadziwa kuti ndikumudziwa. Elenala anagwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri. Anamukoka, osatheka. Mkazi amene wasenza mitolo moyo wake wonse sasunthika wamba. Mmodzi analowera pazenera nayamba kuponya nkhuni panja. Limbani anatola chikuni chimodzi, chakuda ndi mwaye, chimene mayi yemweyo anachisenza pamutu kuchokera kuphiri, namumenya nacho pamkono wamanzere. Fupa linalira ngati nthambi youma. Elenala sanakuwe. Anakhala pansi pang'onopang'ono, akumuyang'ana kumaso. Anyamatawo anamudumpha ngati chitsa.

Kuti afike pa nkhuni za kunsi kwa bedi, ananyamula alamu ndi bulangete lomwe, nakawatula pabwalo pamphepo. Anasesa zonse, za kuchipinda, za pansanja, ngakhale chikuni chimene chinali pamoto. Anachizimitsa ndi madzi akumwa a wodwalayo.

Ndinapita naye Elenala kuchipatala pa kabaza, anabwerako ndi pulasitala. Ndinapita kwa akuluakulu a banja ndi a mpingo. Anati ndi nkhani yapachibale, tidikire maliro athe, mitima izizire. Mitima! Chimene chinkazizira ndi nyumba ya mchemwali wanga. Maliro a Wilisoni sanathe ngakhale theka la nkhunizo. Atangoika malirowo, ng'anjo ya Limbani inayamba kufuka usana wonse, ndipo aliyense wodutsa ankaona zikuni zakuda zija zitasanjidwa pambali pake. Onse ankangopitirira ulendo wawo.

Tinayesa mapesi, alamu anatsamwa mpaka maso kutuluka. Tinazimitsa, anayamba kunjenjemera. Ndinawaza mpando wanga ndi shelefu ya mabuku, koma matabwa opyapyala amayaka ngati udzu. Chiperoni chinabwera ndi kamvula kake kowaza, osachoka. Sabata isanathe, m'mawa wina Elenala anabwera kwanga wopanda mpango kumutu.

"Achimwene, apuma."

Anthu anasonkhana. Kunkazizira koti mano kuguguda, ndipo pabwalo panalibe choyatsa. Limbani anabwera ndi adzukulu ake, nkhope yachisoni atavala ngati malaya obwereka, nalamula kuti akatole mapesi kumunda. Mapesi, pamaliro a munthu amene anaphedwa ndi kusowa kwa nkhuni.

Anthu akasonkhana, mkazi wamasiye satuluka m'nyumba mtembo uli momwemo. Elenala anatuluka. Anatenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko ndi dzanja lamanja, nadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu. Amayi anasiya nyimbo namutsatira, ifenso pambuyo.

Boti la Limbani linali pabwalo pa nyumba yake, litavundikiridwa pa njerwa. Anali atangolimata phula kukonzekera kubwerera panyanja. Elenala anakweza nkhwangwa ndi mkono umodzi naitsitsa pakati penipeni. Thabwa linang'ambika. Anabwerezanso.

Limbani anafika akuthamanga. "Amayi! Mwapenga? Ndidya chiyani ine?"

"Lili pabwalo," anatero Elenala. "Ine sindinathyole chitseko cha munthu."

"Limenelo ndi boti, si nkhuni!"

"Ndi mtengo. Kwathu kuli maliro. Ukukaniza?"

Limbani anamulumphira kuti alande nkhwangwa, namugwira pa mkono wothyoka uja n'kuupotoza. Apa ndiye Elenala anakuwa, koma nkhwangwa sanaitaye. Anaitembenuza namumenya ndi kumsana kwake pabondo. Limbani anagwa chagada m'fumbi, akulira ngati mbuzi yomangidwa. Anaitana anzake mayina mmodzimmodzi. Iwo anayang'ana amayi amene anazungulira botilo, ena atanyamula misi, ena zikwanje, ndipo palibe anasuntha.

Elenala anaponya nkhwangwa pamapazi pawo. "Inu si adzukulu? Wazani. Anthu akuzizidwa."

Anawaza. Mwambo umene anabisalamo unawagwira pakhosi, ndipo ananyamula matabwawo pa mawilibala omwe aja. Anapitanso kung'anjo kukatenga zikuni zotsala. Phula linayaka ndi utsi wakuda woonekera mpaka kumunda wa mpunga ku Likangala, ndipo amene ankati nkhani yapachibale anakhala patsogolo penipeni, akuwotha manja. Ndinawaona, ndipo ndikuwakumbukira onse.

Limbani amatsimphina tsopano, amakoka makoka m'boti la munthu wina. Akuluakulu aja abwera kwa ine kangapo kuti, monga mwinimbumba, ndiyanjanitse mayi ndi mwana. Ndimawafunsa kumene anali pamene alamu anagonekedwa pabwalo. Amayang'ana pansi, n'kutsanzika.

Mkono wa Elenala unapola mokhota. Sangathenso kukweza mtolo kufika pamutu, ndipo nkhata yake ili pamsomali. Juni wabweranso. Njerwa zija zikadali kuchipinda, phulusa lake pansi, pamwamba palibe kanthu. Dzulo ndinamugulira mtolo kwa anyamata a njinga ndi kumusonkhera moto. Anakhala patali, kukhoma, atafunda bulangete la mwamuna wake.

"Zimitsani, achimwene," anatero. "Aothe ndani?"