Foda imene ndinaisintha dzina

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera kukwaya. Mayi wina amene tinkaimba naye ku Nabvutika anamva kuti ndinaphunzirako kompyuta, ndiye ananditengera kwa achimwene ake, aZulu, eni kashopu kotayipa ndi kusindikiza m'tauni ya Chipata. Anandipatsa kalata kuti nditayipe, anaiwerenga, n'kunena kuti, "Mubwere Lolemba."

Makasitomala athu ambiri anali aphunzitsi a masamu. Mayeso awo sankatuluka bwino pa pulogalamu wamba, choncho tinali ndi ina yodziwa kuyala manambala ndi zizindikiro. Koma pulogalamuyo siigwira ntchito yokha. Ili ndi timapulogalamu toithandiza: kena kamasandutsa zolembazo kukhala PDF, kena kamakonza zithunzi, kena kamaonetsa tsamba lisanapite ku pulinta. Poiika pa kompyuta pali kabokosi kolembamo njira, ndiye kuti diraivi ndi foda momwe tothandizato tikukhala. Ukaphonya chilembo chimodzi, siitipeza.

Nditatha mwezi, aZulu anagula kompyuta ina n'kundisiyira kuti ndiikemo zonse. Tothandizato ndinatiika m'foda ina pa diraivi D, njira ndinalemba, zinayenda. Kenako ndinaona kuti dzina la fodayo ndi lalitali, losamveka. Ndinalifufuta n'kulembapo "Zothandiza", ndikudziona waudongo.

Lachinayi m'mawa, aZulu ali kumaliro, kunafika aMbewe, mphunzitsi wochokera cha ku Tamanda, atanyamula fulashi momwe munali mafunso a mayeso. Ana awo ankalemba mayeso mawa lake.

"Mayi, minibasi yomwe ndabwera nayo ibwerera 2 koloko. Ikandisiya, ana alemba chiyani?"

"Musadandaule aphunzitsi, sitichedwa."

Ndinatsegula fayilo, kudina kuti PDF ituluke, koma panangobwera uthenga woti chothandiza sichikupezeka. Ndinazimitsa kompyuta, kuyatsanso, chimodzimodzi. Kompyuta yakale ija inali kwa okonza. Foni ya aZulu inali yozima. AMbewe sanakalipe. Anangokoka mpando n'kukhala pafupi nane, maso ali pa wotchi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Itakwana 12 koloko ndinasiya kudinadina, n'kuwerenga uthengawo liwu ndi liwu. Unkatchula foda imene pulogalamu inkafufuzamo. Linali dzina lakale lija.

"Aphunzitsi, ndawononga ndine. Ndinasintha dzina la foda osaiuza pulogalamuyi."

"Ndiye iuzenitu," anatero.

Ndinatsegula foda ija, kukopera njira yonse yolembedwa pamwamba, kuiika m'kabokosi m'malo mwa yakale. Ndinadinanso, osatheka. Apa ndinakumbukira kuti ukasintha njira, uyenera kuilamula pulogalamu kuti ifufuzenso tothandiza take, kenako uitseke, uitsegulenso. Nditatero, tsamba loyamba linaoneka, funso lililonse lili m'malo mwake. Pulinta itayamba kukoka mapepala, ndinangokhala pa katoni. AMbewe anaseka, anavula jekete, n'kuyamba kusanja mapepala ine ndikumenya sitepula. Anatuluka ndi mtolo wawo nthawi ikadalipo.

Madzulo ndinawafotokozera aZulu zonse, ndikuyembekezera mawu owawa. Iwo anandipatsa cholembera.

"Lembani njira zonsezo papepala, mumate pakhomapo."

Mpaka lero, ndisanasunthe chinthu pa kompyuta kapena kuchisintha dzina, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndani amabwera kudzachifuna pamalo pamenepo. Ndipo uthenga wa vuto ukatuluka, manja ndimawachotsa kaye pa kompyuta mpaka nditauwerenga wonse.